Nyimbo Yong'ambika m'Chigafa cha Apongozi

Chimbale chimene ndachimvera kwambiri m'moyo wanga sindinachigule ndipo sindinachisankhe. Chinabwera chokha, chitabisala m'foni yakale imene ndinagula pa msika wa Santhe chaka chimene ndinakwatira. Wogulitsayo analumbira kuti foniyo inali yatsopano, chonsecho galasi lake linali ndi mng'alu wooneka uli patali. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti mwini wake woyamba anaiwalamo kakhadi kosungira nyimbo, kaja timati memole. Munalibe china chilichonse koma nyimbo za munthu mmodzi, ndi kachithunzi ka pachikuto: mayi wachizungu atavala juzi yomukulira, tsitsi losapesa, akuyang'ana kumbali ngati wakwiyira womujambulayo.

Tsiku loyamba sindinazikonde, ndisaname. Mayiyo ankaimba motsitsa mawu ngati akuopa kudzutsa khanda, gitala yake ikuyenda mwaulesi, woimba ng'oma nayenso ngati amukakamiza. Ine ndinakulira kwa Mwase, kufupi ndi boma, ndipo kwathuko nyimbo ikapanda kugwedeza chiuno timati ndi ya kumaliro. Koma m'fonimo munalibe nyimbo zina, ndipo misewu ya kuno ndi yaitali, yongoti tambalala, minda ya fodya uku ndi uku, phiri likuoneka pafupi koma osalifika. Ndinkapalasa njinga mayiyo ali m'makutu. Posakhalitsa ndinadzipeza ndikung'ung'udza naye limodzi, ngakhale Chingerezi chake ndinkangotolamo apa ndi apo chifukwa mawu ena ankawameza.

Mnzanga wina wophunzitsa ku sekondale anafufuza pa intaneti n'kundiuza kuti mayiyo ndi wa ku Amereka. Nyimbo amapeka yekha, gitala amaimba yekha, ndipo chimbalecho anachijambulira mu situdiyo yaing'ono ndi anzake ochepa. Anati mtundu wake ndi roko, koma roko wa oimba odziimira paokha, amene alibe kampani yaikulu kumbuyo kwawo. Pamenepo ndinamumvetsa msanga mayiyo. Ndi ngati ife olima fodya popanda kontirakiti, amene timadzipezera tokha feteleza, zikavuta n'kulira tokha.

Nyimbo yachitatu ndiyo ndinkaikonda kuposa zonse. Imayamba modekha kuposa zinzake, mawu ndi gitala basi. Ikafika pakati, magitala amagetsi amalowa mwadzidzidzi n'kung'ambika, kulira ngati munthu akukoka lata pa msewu wa miyala. Phokosolo limatenga kanthawi ndithu, mpaka umafuna kuchotsa zomvera m'makutu. Kenaka limaduka, ndipo mawu a mayi uja amabwerera ali oyera ngati palibe chachitika.

Nditakwatira ndinapita kukakhala kwawo kwa mkazi wanga, kumbali ya Lisasadzi. Ndinakhala mkamwini, ndipo aliyense amene anakhalapo mkamwini akudziwa kuti ngakhale nkhuku za pamudzipo zimakuyang'ana mokayika. Bambo ake a mkazi wanga anali atamwalira chaka chapitacho. Anatsala apongozi aakazi, mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa chigwirizano cha amayi kumpingo, amene ankayenda mofulumira ngati wasiya china chake pamoto.

Amayi ambiri a msinkhu wawo anasiya kale mwambo wopewana ndi akamwini. Ena mpaka amaimbirana foni ndi amuna a ana awo kufunsana za mpira. Koma apongozi angawa ankausunga mwambowo wonse wathunthu. Sitinkayang'anana kumaso, sitinkadyera pamodzi, sitinkalankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira ine ndinkapatuka n'kulowa patchire, ndipo miyezi yoyambayo mabuluku anga onse anali odzaza ndi chisoso. Mkazi wanga ankachotsa chisosocho madzulo akuseka, amvekere, "Lero mwakumana nawo kangati? Ndikuona ngati kawiri."

Panali chifukwa chimene ndinkapiririra chisosocho. Malemu anasiya munda wabwino kumtunda, wa dothi lofiira, umene unangogona chaka chonse osalimidwa. Ife tinalibe munda wathuwathu, tinkangothandiza wa apongozi. Mkazi wanga anandiuza mosabisa kuti amayi ake anena kuti andiona kaye nyengo imeneyo ya fodya. Ndikaoneka munthu, munda wakumtundawo udzakhala wathu. Ndikaoneka wosasamala zinthu, aupereka kwa mwana wa mchemwali wawo. Ndinkaufuna mundawo kwambiri, moti ndikamadutsa pamenepo ndinkagawiratu m'mutu poti padzakhale chimanga ndi poti padzakhale soya.

Fodya wathu wa bale atauma m'chigafa, inafika nthawi yosankha. Ntchito imeneyi imafuna m'mawa, masamba akadali ofewa ndi chinyezi, chifukwa dzuwa likakwera amayamba kuphwanyika m'manja. Imafunanso anthu ambiri, ndipo ife tinalipo atatu basi. Panalibe kuchitira mwina, apongozi ndi mkamwini anayenera kukhala m'chigafa chimodzi. Apongozi anathetsa vutolo mwanzeru zawo: anapachika chiguduli pakati pa chigafacho, kuchokera pamtanda mpaka pansi. Iwo anakhala mbali ya kum'mawa, ine mbali ya kumadzulo, ndipo mkazi wanga anakhala kumapeto kwa chigudulicho, poti tonse tizimuona.

Pakati pa ine ndi apongozi panali mtunda woti n'kupatsirana mchere. Ndinkamva akamapuma. Dzuwa likatuluka linkajambula chithunzithunzi chawo pachigudulipo, moti ndinkaona mutu wawo ndi manja awo akusanja masamba. Koma mawu onse ankadzera kwa mkazi wanga.

"Uwauze amuna ako kuti tsamba lobiriwira samaliphatikiza ndi lofiirira."

Mkazi wanga ankatembenukira kwa ine, nkhope ili phee ngati womasulira kutchalitchi. "Akuti kodi kwanu kwa Mwase maso mumawagwiritsa ntchito yanji?"

"Uwauze amayi kuti ndamva, ndikonza."

"Akuti kuyambira lero akhala munthu."

Apongozi ankamva zonsezi, ine ndinkamvanso, koma palibe amene akanatsutsa womasulirayo popanda kuphwanya mwambo. Mkazi wanga sanasangalalepo ndi ntchito ina iliyonse ngati mmene anasangalalira ndi imeneyi. Mmene apongozi ankaonera masamba anga kudzera pachiguduli, mpaka lero sindidziwa.

Tsiku lina m'mawa apongozi analowa m'chigafa atanyamula wailesi. Ndinaona mkazi wanga akusiya tsamba limene anagwira. Inali wailesi yofiira, ya chogwirira pamwamba, yotchajira ku dzuwa, yokhala ndi poika kakhadi. Malemu anaigula atagulitsa fodya wawo womaliza, ndipo ankapita nayo kulikonse, kumunda, kudimba, ngakhale kokameta. Chichitikireni maliro inali isanayatsidwepo. Inkangokhala pamwamba pa kabati itafundidwa kansalu koluka, ndipo apongozi ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse. Kuitulutsa tsiku limenelo sichinali chinthu chaching'ono, ndipo tonse tinadziwa.

Anaiyatsa. Koma pansi pa denga laudzu lija masiteshoni ankangolira mphepo, ndipo imodzi yokha imene inagwira bwino inkakamba za mitengo ya fodya kumsika, nkhani yosayenera kuimva uli ndi fodya m'manja. Apongozi anapotoza uku ndi uku, kenaka anati, "Funsa amuna ako ngati ali ndi nyimbo pa kanthu kawo kaja. Bambo ako ankaika kotero."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Kanali koyamba kuti apongozi apemphe kanthu kwa ine. Ndinatulutsa kakhadi m'foni n'kupereka kwa mkazi wanga, iye n'kukaika m'wailesi. Za nyimbo yachitatu ndinakumbukira ndithu. Ndinadziuza kuti ikamayandikira ndidzangodina batani n'kuidumpha. Chimene sindinaganizire n'chakuti wailesiyo inali mbali ina ya chiguduli, pafupi ndi bondo la apongozi, dziko limene dzanja langa silinkaloledwa kufikako.

Nyimbo yoyamba inadutsa bwino. M'chigafa munangomveka mayi wa ku Amereka ndi masamba akuchita tswatswa. Yachiwiri ili mkati apongozi anapereka chigamulo chawo.

"Mawu ali nawo mwanayu. Koma sanadye."

Mkazi wanga anaseka mpaka kutsokomola, ine ndinasekera m'mimba monga mkamwini. Yachitatu itayamba ndinayesa kumukodola mkazi wanga ndi maso kuti adumphe, koma iye anali ataweramira ndindi imene ankamanga, ndiye kuti kamtolo ka masamba a giredi imodzi. Ndinatsokomola. Sanadzutse mutu. Ndipo pamenepo ndinamva chinthu chimene chinanditseka pakamwa: kuseri kwa chiguduli apongozi anali atayamba kung'ung'udza, kutsatira mayi uja pang'onopang'ono, mawu awo a kwaya akuyenda pansi pa ake. Ndinali ndisanawamvepo akuimba pakhomo.

Kenaka magitala aja anang'ambika.

Chithunzithunzi cha pachiguduli chinadzambatuka. Ndinamva batani likuti thi, m'chigafa n'kukhala zii. Apongozi anamasula chitenje chapamwamba, anakulunga wailesiyo ngati mwana wodwala malungo, n'kutuluka nayo.

Mkazi wanga anawatsatira mpaka pakhonde. Ndinkamva zonse ndili m'chigafa.

"Amayi, wailesi sinaonongeke. Ndi nyimbo yake imatero."

"Usamuikire kumbuyo mwamuna wako."

"Zoona, amayi. Ine ndinaimvapo pa foni yawo. Amachita dala."

"Dala? Munthu ndi mutu wake n'kuimba dala chonchija? Ine sipika yong'ambika ndikuidziwa. Bambo ako anaisunga bwinobwino wailesiyi, osagwetsapo. Yangolowa kanthu ka eni tsiku limodzi, basi yatha."

Mawu awo pomaliza ananjenjemera, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa kwawo. Sikuti ankangodandaula za chitsulo ndi mawaya. Chinali chinthu chomaliza chimene amuna awo anagula ndi manja awo, ndipo m'maso mwawo ine ndinali nditachipha.

Masiku otsatira tinasankha fodya mwakachetechete. Kuseri kwa chiguduli sikunachokere uthenga uliwonse, ngakhale wa tsamba lobiriwira. Tsiku lina ndinaphatikiza dala masamba osiyana kuti mwina andidzudzule, koma sanatero. Ndinayamba kuzisowa zonyoza zija. Kakhadi kanga kanali kadakali m'wailesi, pamwamba pa kabati, ndipo sindikanayerekeza kukaitanitsa. Mkazi wanga, amene chifundo chake chimabwera mochedwa, anandiuza kuti za munda wakumtunda ndiiwale. "Muzingodzala tomato m'zitini pakhondepa," anatero. "Mayi wanu wa ku Amereka azidzakuthirirani."

Tsiku la msika litafika, uthenga unabwera. Akuti amene waononga ndi yemwe anyamule, apite nayo kwa amisiri ku Santhe. Ndinaimangirira wailesiyo pa kaliyala, idakali m'chitenje chake, ndipo apongozi anaima chapatali kuonetsetsa kuti ndaika katsamiro pansi pake. Ulendo wonsewo ndinapalasa ngati ndanyamula mazira, ndikupita kukakonzetsa chinthu chimene ndinkadziwa bwino lomwe kuti n'chamoyo.

Amisiriwo anali bambo wachisilamu wa ndevu zaimvi ndi kachipewa koyera. Kutsogolo kwa sitolo yawo ankagulitsa sopo, shuga ndi mabatire, kumbuyo n'kumakonza mawailesi pa tebulo lodzaza ndi timawaya. Malemu ankawadziwa, ndipo wailesiyo anaizindikira ndisanamalize kumasula chitenje. Ndinawafotokozera zonse mwachilungamo. Anamvetsera akugwedeza mutu, kenaka anayatsa wailesi n'kudumphira pa nyimbo yachitatu. Anadikira mpaka magitala analowa. Anazima msanga.

"Achimwene, sipika yapita iyi."

"Sinapite, amisiri. Ndi mmene anajambulira."

"Ine ndakalambira pa tebulo lino. Sipika ikamalira chonchi ndiye kuti pepala lake lang'ambika."

Ndinatulutsa kakhadi, ndinakaika m'foni, n'kuwapatsa zomvera m'makutu. Anamvetsera atatsinzina, kenaka anazivula mwachisoni.

"Pepani achimwene. Foni yanunso yapita."

Ndinawapempha kuti tiyese pa sipika yawo yaikulu imene ankaitanira nayo makasitomala. Anavomera monyinyirika. Magitala aja atang'ambika pa chisipika chimenecho, mayi wina wogulitsa mandasi panja anasuntha beseni lake, ndipo anthu a matakisi a njinga anabwera kudzaona ngati tikuwotcherera zitsulo. Amisiri anafuna kuzima, koma ndinawagwira dzanja. Tinadikira. Phokoso linaduka, mawu a mayi uja anabwerera ali oyera.

Amisiri anakhala pansi. Anayang'ana sipika yawo, anayang'ana ine.

"Mukutanthauza kuti munthuyu analowa mu situdiyo, magetsi alipo, zipangizo zili bwinobwino, n'kupanga dala phokoso limene ine anthu amandibweretsera kuti ndilichotse?"

"Eya."

"Ndiye kwawoko akaononga sipika amadziwa bwanji?"

Amisiri anatsegulabe wailesiyo kuti ulendo wanga usapite pachabe. Anauzira fumbi, anachotsamo kangaude wakufa, n'kutsekanso. Malangizo awo anali achidule. Ndipite ndikanene kuti amisiri aiona ndipo ili bwino, zimene zinali zoona. Kakhadiko ndikasunge m'thumba mpaka munda nditalandira. "Nyimbo zoterezi muzimvera muli nokha kutchire," anatero pondiperekeza. "Kwa apongozi muziika za kwaya."

Ndinachita monga anandiuzira. Madzulo amenewo mkazi wanga anapereka wailesi ndi uthenga wake. Apongozi anaiyatsa pabwalo, siteshoni inagwira, wolengeza analankhula momveka bwino. M'mawa mwake anabwera nayonso m'chigafa. Ndinapuma. Ndinayambanso kugawa munda uja m'mutu.

Tisanapite patali ndi ntchito, masiteshoni anayambanso kulira mphepo. Apongozi anazima.

"Funsa amuna ako kuti mwana wosadya uja ali kuti."

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ulendo uno sanathirepo mchere.

"Akuti kakhadi kaja."

"Uwauze amayi kuti tsiku la msika ndikaikitsa nyimbo za kwaya."

"Za kwaya ndimaimba ndekha," apongozi anauza mwana wawo. "Ndikufuna ija inadukira pakati. Yakhala ikundizungulira m'mutu masiku onsewa, ndipo sindikudziwa kuti imathera pati. Poti wailesi yakonzedwa, aiike ndiimve yonse."

Apa ndiye ndinagwidwa. Ndikakana, ndiye kuti ndikubisa kanthu. Ndikavomera, wailesi ya malemu ing'ambikanso pamalo omwe aja, ndipo ulendo uno adzati ndaipha kachiwiri, mwadala. Ndinaganiza zonena kuti kakhadi kanatayika, koma kanali m'thumba la malaya, ndipo mkazi wanga ndi amene anachapa malayawo n'kukabwezeramo. Anatambasula dzanja. Ndinapereka.

Nyimboyo inayamba. Mawu ndi gitala basi. Apongozi anayambanso kung'ung'udza, ndipo ndinadabwa kuti anali ataisunga bwino lomwe chigawo chonse choyamba, atangoimva kamodzi. Ndinkadziwa mzere uliwonse, ndinkadziwa pamene mayiyo amakoka mpweya, ndipo ndinkadziwa kuti akangokoka kachiwiri zatha.

Magitala analowa. Pachiguduli ndinaona chithunzithunzi cha dzanja likuthamangira ku batani.

"Amayi, musazime. Dikirani pang'ono."

Mawuwo anatuluka okha. Sanadzere kwa mkazi wanga, sanayambe ndi "uwauze". Anadutsa pachiguduli molunjika, kuchokera pakamwa pa mkamwini kupita m'khutu la apongozi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pakhomopo. Mkazi wanga anagwira pakamwa. Ine ndinaona munda wakumtunda ukupita kwa mwana wa mchemwali wawo ndi chimanga changa chomwe.

Dzanja lija linaima. Silinabwerere, koma silinadinenso. Linangokhala pamwamba pa wailesi, magitala akukuwa pansi pake. Pa njinga phokoso limenelo ndinkaliona lalifupi. M'chigafa muja linatalika ngati ulaliki wa mlendo. Ndinkapempha mumtima kuti mayi wa ku Amereka achite changu, koma iye analibe nazo ntchito za munda wanga.

Kenaka linaduka. Mawu anabwerera, oyera, odekha, kuchokera m'sipika yomweyo. Anaimba mizere ingapo, gitala inalira komaliza, nyimbo n'kutha.

Apongozi anazima wailesi. Kunja mbuzi inkakanda nsanamira ya chigafa.

"Ndiye kuti si wailesi," anatero pomaliza.

Sindinadziwe ngati akuuza ine kapena mwana wawo.

"Wamwalira ndani?" anafunsa apongozi.

Mkazi wanga anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ananso. Ndinayamba kufotokoza, maso ali kwa mkazi wanga, kuti Chingerezi cha mayiyo n'chovuta, kuti ndimangomva zoti wina wake anachoka, koma ngati anamwalira kapena anangosamuka sindidziwa.

"Sindikufunsa za Chingerezi," apongozi anandidula. "Ameneyu wafedwa. Kapena wasiyidwa, n'chimodzimodzi. Umadzuka, umasesa, umapita kumjigo, anthu n'kumati mayi uja walimba mtima. Ndiye tsiku lina ukungochotsa chipewa chawo pa msomali kuti upukute khoma, m'katimu zimang'ambika chonchija. Palibe amamva. Zikatha umabweza chipewa pamalo pake n'kupitiriza kupukuta." Ndinamva akusalaza tsamba pabondo. "Kungoti mnzangayu ali ndi magitala."

Mkazi wanga anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pa fodya. Chaka chonse chija anali asanawaonepo amayi ake akulira chichokereni kumanda, ndipo ankaganiza kuti zinawapita msanga. Mayi amene ndinkamuthawira m'chisoso uja ndinayamba kumukonda tsiku limenelo, ndisanamuone n'kumaso komwe.

"Bwezerani," apongozi anatero.

Ndinadikira kuti womasulira agwire ntchito yake. Mkazi wanga anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mukuyang'ana ine bwanji? Akunena inu."

Wailesi inatulukira pansi pa chiguduli, itakankhidwa ndi dzanja lokhala ndi phula la fodya m'zala. Ndinadina batani, nyimbo inayambiranso. Tinaimvera m'mawa umenewo mobwerezabwereza mpaka masamba anayamba kuphwanyika. Magitala akamalowa apongozi ankasiya kung'ung'udza n'kudikira, manja akugwirabe ntchito, akaduka n'kupitiriza pomwe anasiyira.

Kakhadi kaja sikanabwererenso m'foni yanga. Mpaka lero kali m'wailesi yofiira, ndipo ndikafuna kumvera chimbale changa ndimachita kupita kwa apongozi. Amayi a chigwirizano akabwera kudzacheza amawaikira nyimbo yachitatu osawachenjeza, n'kumawaonerera akudzidzimuka. Amisiri a ku Santhe akandiona amafunsabe ngati mayi wa ku Amereka uja anapeza womukonzera zipangizo.

M'mawa wotsatira tsiku lija ndinalowa m'chigafa n'kupeza chiguduli palibe. Ndinaima pakhomo, osadziwa koyang'ana. Apongozi anali atakhala kale pamalo pawo, mulu wa masamba uli patsogolo, wailesi ili pambali. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti akuti chigudulicho chikufunika pomanga mabelo. Ziguduli zina zinali zitaunjikana pakona, zokwanira mabelo athu onse ndi a oyandikana nawo omwe, koma palibe amene anazitchula.

Ndinakhala pansi, maso ali pa fodya. Apongozi nawonso sanadzutse mutu.

"Munda wakumtunda uja uli ndi chulu chakumapeto," anatero. "Bambo anu ankayambira kumeneko, chifukwa mvula ikagwa dothi lake limamata khasu. Muyambire komweko."

"Ndamva, amayi. Zikomo."

Ndinatola tsamba n'kuliika pa mulu. Apongozi analoza ndi chibwano.

"Ndipo tsamba ilo si la pamenepo."